Kutukwana ndi Zolaula m'Zolembedwa za Chichewa

Wophunzira aliyense amene wawerengapo nthano zazitali, nkhani zazifupi kapena masewero a m'Chichewa akumbukira malo ena pamene ampangankhani awiri akangana kwambiri. Mkangano ukafika pachimake, kawirikawiri mlembi amasiya kutipatsa mawu enieni otuluka m'kamwa mwawo. Amangotiuza kuti uje adalakatula mawu osayenera kumva ana, kapena kuti amayi amene adali pamjigo adagwira pakamwa. Chonsecho mawu amene mlembi wabisawo timawamva tsiku ndi tsiku m'madepoti a basi, m'misika, m'mabwalo a mpira ndi m'malo omwera mowa. Nanga n'chifukwa chiyani pepala limakana mawu amene khutu lidawazolowera? Funsoli ndi lofunika pa mayeso chifukwa limakhudza luso la mlembi, khalidwe la mpangankhani komanso chikhalidwe cha anthu amene nkhaniyo ikukamba. Muno sitilemba mawu oopsa kwambiri aja. Inu mukuwadziwa kale, ndipo chimene tikufuna kuunika ndi gwero lawo ndi ntchito yawo.

Poyamba tisiyanitse zinthu zinayi zimene ophunzira ambiri amazisokoneza. Kutukwana ndi kumunena munthu mawu omuchotsa ulemu, ndipo pamafunika wina wolandira mawuwo. Munthu atha kutukwana osatchula chiwalo chilichonse, monga pomunena mnzake kuti galu, mbuzi kapena chitsiru. Kulaula ndi kutchula poyera ziwalo zobisika kapena zochitika za kuchipinda, kaya pali amene akunenedwa kaya palibe. Kutemberera ndi kufunira munthu tsoka. Kulumbira ndi kudziitanira tsoka iwe mwini ngati ukunama, monga pamene munthu atchula manda a mayi ake kapena mphenzi. Chingerezi chili ndi mneni mmodzi amene amaimira kulumbira ndi kutukwana komwe, n'chifukwa chake ophunzira ena amalemba kuti mpangankhani adalumbira pomwe iye adatukwana. Pa mayeso a Chichewa kumeneku ndi kulakwitsa.

Mawu oti kulaula akutiuza zambiri. Ali pachibale ndi mawu oti malaulo, chinthu chachilendo cholosera tsoka monga malodza. Izi zikusonyeza kuti kwa makolo athu munthu wotchula zobisika pagulu sankangosowa khalidwe ayi. Ankachita chinthu chosayenera kuchitika, chotha kuitana zovuta pamudzi.

Gwero la mawuwa

Mawu otukwanira ndi olaula a m'Chichewa adachokera mbali zingapo. Ena ndi akalekale, ndipo sadayambe ndi achinyamata a m'tauni monga amaganizira anthu ena. Mneni woti kutukwana ali ndi abale ake m'ziyankhulo zina za Chibantu: m'Chiswahili amati kutukana, m'Chishona kutuka, m'Chizulu ukuthuka. Ngati dzina la mchitidwewu likupezeka kuyambira ku Tanzania mpaka ku South Africa, ndiye kuti mchitidwewo ndi wakale zedi. Mayina a ziwalo zobisika nawonso adayamba ngati mayina wamba, monga mwendo ndi mphuno. Chimene chidawalemeretsa ndi mwambo wozungulira zinthu zimene amatchulazo.

Pa chikhalidwe cha Achewa, kugonana kunkaonedwa ngati chinthu champhamvu, chopereka moyo komanso chotha kupha. Munthu amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi ankatchedwa wotentha, ndipo ankayenera kusamala pofika pafupi ndi ozizira monga khanda, namwali kapena wodwala. Kuphwanya malamulo amenewa, mwachitsanzo kuthira mchere m'ndiwo pa nthawi yoletsedwa, ankati kumabweretsa mdulo kapena tsempho. Chinthu choopedwa motere sichitchulidwa mwachisawawa. Choncho wotukwana akatchula chiwalo cha mnzake pagulu amakhala ngati wamuvula. Akatchula cha mayi ake, mlandu umakula, pakuti pakati pa Achewa munthu amawerengedwa ku bele la mayi ake ndipo kunyoza mayi ndi kunyoza mbumba yonse. Komabe tisafulumire kunena kuti chifukwa chake ndi chokhachi, poti kutukwana kotchula mayi kuliponso pakati pa mitundu yotsata kuchimuna, ku Africa kuno ngakhalenso ku Ulaya.

Mawu ena adayamba ngati aulemu kenaka n'kuthimbirira. Mneni woti kunyenga tanthauzo lake lenileni ndi kupusitsa munthu, ndipo dzina loti chinyengo limanenedwa ndi mbusa paguwa popanda wina kugwetsa nkhope. Koma anthu atayamba kubisa nkhani za kuchipinda m'mawu amenewa, mawuwo adatenga fungo la chinthu chimene ankabisacho, moti lero munthu amasamala powagwiritsa ntchito pagulu. Umu ndi mmene mawu ozungulira amathera: amaphimba kwa kanthawi, kenaka iwonso amafuna chowaphimba. Chitsanzo china chili m'mawu oti kukwatira, ukwati ndi mkwati, amene amanenedwa m'tchalitchi ndi pamaso pa ankhoswe. Mukachotsa kachidutswa ka -ir- mu mneni woti kukwatira, mutsala ndi mawu amene mwana sanganene pamaso pa makolo ake. Chikhalirecho m'Chibemba cha ku Zambia mawu omwewo amangotanthauza kukhala ndi chinthu, ndipo Mbemba amawanena pogula malonda pamsika. Apa tikuona kuti m'malembo kapena m'kamvekedwe ka mawu mulibe litsiro. Eni chiyankhulo ndiwo amagwirizana kuti mawu awa akhale olemera.

Gulu lomaliza ndi la mawu obwereka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri kudzera ku Wenela. Boma lidaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, koma pofika nthawiyo mawu ambiri a kumigodi ndi a ku Halale adali atalowa kale m'midzi. Mawu oti futseki adachokera ku mawu a Chiafrikaans oti voetsek, othamangitsira galu. Mawu oti hule ali pachibale ndi hoer a m'Chiafrikaans, ndipo Ashona amati hure. Shupiti ndi stupid wa Chingerezi. Chochititsa chidwi n'chakuti mawu obwereka sapweteka ngati a chiyankhulo chimene munthu adayamwira. Mnyamata wa ku sekondale atha kutchula mawu olaula a Chingerezi amene wamva m'filimu osachita manyazi, koma mutamuuza kuti awanene m'Chichewa lilime limalemera. Mlembi wanzeru amagwiritsa ntchito zimenezi. Akaika futseki m'kamwa mwa nkhalamba, watiuza kale kuti nkhalambayo idayendapo ku Joni, popanda kuwononga ndime yonse kufotokoza mbiri yake.

Pamene mwambo umalola

Ophunzira ambiri amayankha kuti chikhalidwe chathu chimaletsa zolaula, n'kuthera pomwepo. Yankho limeneli ndi losakwanira. Mwambo umaletsa zolaula m'malo ambiri, koma umazipatsanso malo ake ndi nthawi yake.

Ku chinamwali anamkungwi sazungulira. Amatchula zinthu ndi mayina ake chifukwa akuphunzitsa, ndipo nyimbo zambiri za kumeneko sizingaimbidwe pabwalo la sukulu. Pa maliro adzukulu ali ndi ufulu wochita nthabwala ndi anamfedwa, zina zopyola muyeso, ndipo palibe amene amawaimba mlandu. Asuweni amanyozana ndi kuselewulana momasuka, chimodzimodzi agogo ndi adzukulu awo, mpaka gogo wamwamuna kumutcha mdzukulu wake kuti mkazi wanga. Ku Zambia kuli chimbuya pakati pa Angoni ndi Abemba, anthu amene makolo awo ankamenyana nkhondo, ndipo masiku ano amanyozana mwanthabwala ngakhale pa maliro. Mawu omwe angadzetse ndewu pakati pa alendo amasanduka chizindikiro cha ubale pakati pa anthu oterewa. Nyimbo zina za Gule Wamkulu zimatchula poyera za amuna ndi akazi, amayi n'kumavomera, ndipo gule yemweyo ndiye adalemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Pamtondo napo mayi ankatha kuimba zofooka za mwamuna wake, ngakhale za kumphasa, mwamunayo akumva ali pakhonde, osatha kuyankha chifukwa ndi nyimbo.

Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, E. E. Evans-Pritchard, adalemba mu 1929 za mchitidwe womwewu pakati pa mitundu ingapo ya mu Africa. Iye adaona kuti zolaula za pagulu zimaloledwa pa miyambo ikuluikulu ndi pa ntchito zolemetsa zogwirira pamodzi. Ife tingawonjezere kuti ufulu woterewu uli ndi mpanda. Mdzukulu amene wanena zakezo pamanda sanganene zomwezo mawa lake pabwalo la milandu, ndipo namkungwi satenga mawu a kutsimba kukawanena kumsika. Funso la mwambo limakhala loti: wanena ndani, kwa yani, kuti, ndipo liti? Funso lomweli ndi limene wophunzira ayenera kulifunsa akapeza mawu otere m'buku.

Palinso chinthu china chimene alembi achinyamata amaiwala. M'Chichewa munthu atha kutukwanidwa koopsa popanda mawu olaula ngakhale amodzi. Mkamwini akangomutchula dzina mpongozi wake, kapena mwana akanena kuti iwe kwa bambo ake m'malo mwa inu, mudzi wonse umadziwa kuti zinthu zafika poipa.

Mishoni, boma ndi pepala

Ngati mwambo unkapereka malo kwa mawu otere, n'chifukwa chiyani mabuku athu alibiretu? Mbali ina ya yankho ili m'mbiri ya kulemba. Chichewa, chomwe kale chinkatchedwa Chinyanja, chidalowa m'mabuku kudzera m'manja mwa amishoni. Iwo ndiwo adali ndi sukulu ndi makina osindikizira ku Blantyre, ku Nkhoma ndi ku Likuni. Baibulo la Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922, ndipo pokamba za mwamuna ndi mkazi limagwiritsa ntchito mneni woti kudziwa, kutsatira mmene Chiheberi chimanenera. Kwa zaka zambiri Baibuloli ndilo lidali muyeso wa Chichewa cholemba. Alembi oyambirira adali aphunzitsi a mishoni. Samuel Josia Ntara, amene buku lake lotchedwa Nthondo lidatuluka mu 1933, adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo nkhani yake imathera pa kutembenuka mtima kwa mpangankhani wamkulu. Amishoni omwewo adalimbana kwambiri ndi Nyau, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene ankapereka chidali nyimbo zolaula. Sizikadatheka kuti makina amene ankasindikiza katekisimu asindikizenso mawu amene katekisimuyo ankadzudzula.

Dziko litalandira ufulu, chipata sichidatseguke. Mu 1968, chaka chomwe Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsanso lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo bungwe la Censorship Board lidaletsa mabuku ambirimbiri. Mu 1972 kudabwera bungwe la Chichewa Board loyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka chiyankhulo, ndipo mu 1973 kudabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Mlembi wa nthawi imeneyo ankadziwa kuti buku lake lidutsa m'manja mwa ounika, komanso kuti msika wake waukulu ndi sukulu. Buku la Chichewa losalowa m'kalasi silinkagulidwa kwenikweni. Zinthu zidayamba kusintha ndi ndale za zipani zambiri mu 1993 ndi 1994, koma msika wa sukulu udapitiriza kuumba kalembedwe.

Nkhondo yotere si ya kwathu kokha. Ku England buku la D. H. Lawrence lotchedwa Lady Chatterley's Lover, lomwe lidatuluka koyamba mu 1928, silinkaloledwa kusindikizidwa lathunthu chifukwa cha mawu ake olaula. Mu 1960 kampani ya Penguin idazengedwa mlandu ku London chifukwa cholisindikiza, ndipo idapambana pamfundo yoti bukulo lili ndi phindu ngati ntchito ya luso. Mlanduwu udasonyeza kuti buku liyenera kuweruzidwa lonse, osati potola liwu limodzi apa ndi lina apo.

Kodi kubisa n'kwabwino nthawi zonse?

Pali zabwino zimene zidatuluka m'chiletso chimenechi, ndipo tisazinyoze. Mlembi woletsedwa kutchula chinthu amakakamizika kufuna njira ina, ndipo Chichewa chili ndi nkhokwe yaikulu ya zining'a, mikuluwiko ndi mawu ophiphiritsa. Timati kukhala malo amodzi, kulowa m'nyumba, kupita kumwezi, kutaya madzi, kudzithandiza, kukhala ndi pakati. Mawu oterewa amalola kuti agogo, makolo ndi ana amvere limodzi sewero la pawailesi, aliyense n'kumva monga mwa msinkhu wake. Limeneli ndi luso lenileni, ndipo ndakatulo zambiri zachikondi zimakoma chifukwa cha kuphiphiritsa.

Koma kubisa kuli ndi mtengo wake. Munthu woyamba kupezeka ndi matenda a Edzi m'Malawi adadziwika mu 1985. Kwa zaka zambiri anthu ankangoti matenda a masiku ano, matenda a boma, kapena kunja kuno kwaopsa. Alangizi a zaumoyo adavutika kupeza mawu oti afotokozere bwinobwino mmene kachirombo kamafalira popanda kuoneka olaula, ndipo uthenga wozungulira kwambiri unkatha kusiya womvera osadziwa chenicheni choti apewe. Vuto lomweli limaoneka mwana akachitidwa nkhanza. Mwana amene adaphunzitsidwa kuti chiwalo chake chilibe dzina loti n'kutchula amangoti adandichita zoipa, chonsecho dokotala ndi woweruza milandu amafunika kumva chimene chidachitika. Manyazi oterewa amateteza wolakwa. N'chifukwa chake mawu monga kugonana, umuna, ukazi ndi kondomu adayenera kulowa m'mabuku a sukulu ndi pawailesi. Mawu amenewa ndi olunjika koma si otukwana, ndipo wophunzira asawaike m'gulu la zolaula.

M'zolembedwa zaluso mtengo wa kubisa umaoneka pa ampangankhani. Tili ndi nkhani zambiri momwe chidakwa, mbava ndi woitanira minibasi amayankhula Chichewa chosalala ngati cha mlaliki. Wowerenga sakhulupirira anthu oterewa. Choipa kwambiri n'chakuti mlembi akafewetsa mawu a munthu wankhanza, amafewetsanso nkhanzazo. Mu Januwale 2012 amayi ena adavulidwa ndi mavenda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa chovala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Mlembi wofuna kulemba za tsiku ngati limenelo sangatipatse gulu la anyamata oyankhula mwaulemu, chifukwa mawu amene amaponyedwa kwa mayi pamalo otere ndi gawo la nkhanzazo. Malamulo a dziko nawo amazindikira zimenezi. Gawo 182 la Penal Code limaletsa mawu onyoza otha kuputa ndewu, gawo 137 limaletsa mawu ochotsa ulemu munthu wamayi, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuzunza munthu ndi mawu kapena machitidwe okhudza kugonana.

Kodi ndiye kuti mlembi alembe chilichonse chimene wamva pamsika? Maganizo athu ndi akuti ayi, ndipo chifukwa chake ndi cha luso kuposa cha manyazi. Liwu lolaula ndi lolemera kwambiri moti likagwa papepala limakoka maso onse. Wowerenga amaiwala mkangano, amaiwala amene walakwiridwa, n'kutsala akuseka kapena kunyansidwa ndi liwulo. M'kalasi la Fomu 4 zimenezi n'zodziwikiratu: tsamba lotero lingakhale lakuda ndi zala pomwe masamba ena ali oyera. Liwu lotere likabwerezedwa kakhumi limathanso mphamvu. Oimba ena a masiku ano amene amadzaza nyimbo ndi zolaula amagwa m'mbuna imeneyi, poti ukachotsa mawuwo m'nyimbomo simutsala kanthu. Zolaula za kuchinamwali zili ndi phunziro kumbuyo kwake, za adzukulu zimapepuza chisoni, pomwe izi zimangofuna kuti anthu acheuke.

Tionenso amene amalandira mawu oterewa. Mawu otukwanira ambiri amatchula thupi la mkazi ngakhale pamene okanganawo ndi amuna okhaokha. Dzina loti hule limamatidwa pa mkazi, pomwe mwamuna amene adali naye amangotchedwa wachimasomaso, mwinanso kutamandidwa kumene. Mlembi atha kuonetsa kukondera kumeneku kuti akudzudzule, kapena atha kukulowetsa m'nkhani yake osazindikira. Wophunzira wosamala amafufuza kuti mawuwo ali m'kamwa mwa yani. Akakhala m'kamwa mwa mpangankhani woipa, akuulula khalidwe la mpangankhaniyo. Akakhala m'mawu a wofotokoza nkhani, ndiye kuti mlembi mwini wake wamuweruza mkaziyo, ndipo tili ndi ufulu womufunsa ngati waweruza mwachilungamo.

Chitsanzo choti tiunike

Tiyerekeze kuti tikulemba nkhani yaifupi. Bambo wina, a Phiri, wagulitsa fodya ku okushoni ndipo wabwera kunyumba patatha masabata awiri alibe ndalama, ataledzera. Mkazi wake, Nabanda, akumufunsa pamaso pa ana ndi apongozi. Pali njira zitatu zolembera zimene zikuchitika.

Njira yoyamba ndi yongofotokoza: A Phiri adakwiya ndipo adamutukwana Nabanda kwambiri. Chiganizochi chilibe cholakwika pa malamulo a chiyankhulo, koma n'chozizira. Sitikumva kanthu, sitikuona kanthu. Mlembi watiuza zoti tikhulupirire m'malo motionetsa.

Njira yachiwiri ndi yolemba mawu onse monga adatulukira, mpaka kutchula ziwalo za Nabanda ndi za mayi ake. Apa tamva zoona, koma maso athu achoka pa Nabanda n'kupita pa mawuwo. Buku lotere silingawerengedwe mokweza m'kalasi kapena pabanja, choncho lataya anthu amene limafuna kuwafikira.

Njira yachitatu ingakhale yotere:

"Bambo a Tadala, ndalama za fodya zili kuti? Ana awabweza kusukulu."

"Iwe ndi ndani kuti undifunse? Fodya adalima ndi amako?"

Adapitiriza. Adayambira kumutu kwa Nabanda kutsikira kumapazi, osadumpha malo. Atafika pa mayi ake a Nabanda, amene adali chikhalire pamkeka ndi lichero pamiyendo, gogoyo adaika lichero pansi, adakoka Tadala n'kumutseka makutu ndi zikhato zake zoyera ndi gaga. Kuseri kwa mpanda mtondo udasiya kulira.

Nabanda adadzuka, adamanga chitenje chake bwinobwino. "Wamaliza?" adatero. "Ndati wamaliza, iwe Yohane?"

M'ndime zimenezi mulibe liwu lolaula, komabe wowerenga wamva zonse. Mawu oti amako m'malo mwa amayi ako aonetsa kale kumene bamboyo akulowera. Kuyambira kumutu kutsikira kumapazi osadumpha malo ndi chining'a chotiuza ziwalo zimene zatchulidwa. Kukula kwa chipongwecho takuyeza poona zimene achita omvera: gogo wotseka makutu a mdzukulu wake, ndi mnansi amene waleka kusinja kuti amvetsere. Tazindikiranso kuti a Phiri ndi mkamwini, pakuti apongozi ali pakhomo pomwepo, choncho atukwana eni mudzi pamudzi pawo. Koma mawu olemera kuposa onse ndi a Nabanda. Iye adayamba ndi bambo a Tadala, ndipo wamaliza ndi iwe ndi dzina la ubwana la mwamuna wake, pamaso pa ana. Mkazi wa pamudzi akafika pamenepa, ankhoswe ayambe kukonzeka.

Sitikunena kuti njira yachitatu ndiyo yokha yovomerezeka. Pali nkhani zina, makamaka zolembera akuluakulu, momwe liwu limodzi lakuthwa loikidwa pamalo oyenera lingachite ntchito imene ndime yonse singachite. Mawu apakatikati monga futseki, galu iwe kapena hule amapezeka m'masewero ndi m'nkhani zazifupi, ndipo akachotsedwa mpangankhani amafa. Wamisala adaona nkhondo: nthawi zina mlembi amaika choonadi cha nkhani yonse m'kamwa mwa chidakwa cha pakamwa poola, chifukwa ndi chokhacho chimene sichiopa mfumu. Wophunzira amene wangoona kutukwanako n'kuweruza kuti mpangankhaniyu ndi woipa basi waphonya cholinga cha mlembi.

Mukakumana ndi funso lokhudza chiyankhulo cha mpangankhani pa mayeso a MSCE, musakopere mawu olaula m'yankho lanu ngakhale mutawadziwa. Nenani mtundu wa mawuwo, ngati ndi kutukwana, kulaula, kutemberera kapena kulumbira. Tchulani wonena ndi wonenedwa komanso ubale wawo, chifukwa mawu a msuweni kwa msuweni mnzake sangaweruzidwe mofanana ndi a mkamwini kwa mpongozi wake. Fotokozani malo, ngati ndi pamowa, pamaliro, pabwalo la mfumu kapena m'nyumba. Kenaka onetsani chimene mawuwo asintha m'nkhani. M'chitsanzo chathu, yankho loti a Phiri ndi munthu wamwano lingapeze malikisi ochepa. Yankho lokwanira lingaonjezere kuti mwanowo wachitika pamaso pa apongozi pamudzi wachikamwini, kuti mlembi wauonetsa kudzera m'zochita za gogo ndi za mnansi wosinja, ndiponso kuti kusintha kwa Nabanda kuchoka pa bambo a Tadala kufika pa iwe Yohane ndiko kukulosera kutha kwa banjalo.